Funsani Amisiri: Tchaja ikamatentha ngati mbatata ya pamoto

Chaka chilichonse ikangokwana Okutobala, makalata anu amayamba kufanana. Kunja kukatentha, munthu amakhudza tchaja ya laputopu imene wakhala nayo zaka zitatu n'kudzidzimuka ngati waiona lero. Mwezi uno ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi. Ena ndawadulako kuti akwane patsamba, eni ake mundikhululukire.

FUNSO: Amisiri, ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Ngabu. Laputopu yanga ndi ya HP, tchaja yake ndi yomwe inabwera nayo. Ndikamakonza mayeso usiku, kabokosi kakuda ka pakati pa chingwe kaja kamatentha moti mayi akunyumba akuti tsiku lina ndidzaotcha nyumba. Ndimagwirira ntchito pabedi chifukwa patebulo pamakhala ana akuwerenga. Pakabokosipo palembedwa 19.5V, 3.33A, 65W. Kodi yatha ntchito?
Mphunzitsi, Ngabu

YANKHO: Aphunzitsi, mlanduwu ndaugamula motere: pa za tchaja mwina mwawina ndinu, koma pa za bedi awina ndi mayi, ndipo apilo palibe.

Tiyambe ndi tchajayo. Magetsi a m'khoma kuno kwathu ndi a mavolti 230, pamene laputopu yanu imangofuna 19.5, monga mwawerengera pakabokosipo. Ntchito ya kabokosiko ndi kutsitsa magetsiwo ndi kuwasandutsa kuchoka ku AC ya m'khoma kukhala DC imene batire limalandira. Tsono mukapita ndi ndowa ya chimanga kukakonoletsa, simubwerako ndi ndowa yodzadza, kwina kumatsala madeya. N'chimodzimodzi apa. Tchaja yabwino, pa mawati 100 alionse amene yakoka kukhoma, imafikitsa 85 mpaka 90 ku laputopu. Otsalawo amasanduka kutentha. Yanu ya 65W ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, madeya akewo ndi mawati 7 mpaka 11.

Akuoneka ochepa, koma kabokosiko n'komata mbali zonse. Kalibe fani ngati laputopu, kalibe ngakhale kabowo kopumira. Kutentha konseko kumatulukira pakhungu lake lapulasitiki basi. Ndiye mukakakhudza n'kumva kufunda, dziwani kuti kutenthako kukutuluka, momwe anakapangira. Kamafunda kwambiri batire likakhala lotsika inu n'kumagwiranso ntchito nthawi yomweyo, chifukwa pamenepo kakudyetsa pakamwa pawiri. Batire likadzadza kamayenera kuzizirako.

Tsopano tibwere ku bedi. Matiresi a siponji ndi bulangete ntchito yake ndi kusunga kutentha, n'chifukwa chake timalifunafuna mu Juni. Kabokosi kakamira m'menemo kamakhala ngati tiyi wa mu fulasiki. Onjezanipo kuti muli ku Ngabu, kumene mwezi uno ndi wamawa dzuwa limadutsa madigiri 40, ndipo nyumba ya malata imachedwa kuzizira usiku. Matchaja ambiri anawapanga kuti azigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35 kapena 40. Yanuyo imayamba ntchito itatopa kale.

Chaka chatha bambo wina anandibweretsera tchaja imene inagona m'bulangete usiku wonse. Mbali imodzi pulasitiki inali itafewa n'kulowa m'kati ngati sopo wodindidwa ndi chala, ndipo ulusi wofiira wa bulangete unali utakanirira pomwepo, osachoka ngakhale ndi mpeni. Chinawadzutsa ndi fungo. Akanakhala a tulo tofa nato, bwenzi tikukamba zina.

Chitani izi madzulo ano. Masulani chingwe chonse, musachisiye chokulungidwa pakabokosi. Kaikeni pansi pasimenti, poonekera, osati kunsi kwa neti kapena kuseri kwa katani. Gwirani ntchito theka la ola, kenaka mukafumbate. Mukatha kuwerenga mpaka khumi muli chifumbatire, monga mugwirira kapu ya tiyi, kali bwino. Dzanja likathawa lokha inu musanaganize, pamenepo pali nkhani. Zina zimene ine sindizinyengerera ndi fungo la pulasitiki yopsa, kabokosi kotupa kapena kosintha mtundu, kuthetheka m'kati, kutchaja modukizadukiza, komanso kutentha pamene laputopu simunailumikize n'komwe. Tchaja imene ili kukhoma yokha, yopanda woidyera, imayenera kukhala yozizira kapena yofunda pang'ono chabe. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka izuleni, ndipo musaipereke kwa mwana wa achimwene kuti aziyendera yomweyo kaye.

Laputopu nayo ichoke pabulangete, mabowo ake opumira ali kunsi. Pezani kathabwa kapena thireyi. Tebulo asiyireni ana.

FUNSO: Achimwene, ndine mtsikana wa chaka chachiwiri pa koleji ina kuno ku Zomba. Tchaja ya laputopu yanga ya Dell inabedwa kuhositelo, ndiye ndinagula ina pamsika. Wogulitsa analumbira kuti ndi orijino, koma mtengo wake sunafike n'theka lomwe la wa m'shopu. Imalowa bwinobwino, kungoti imatentha zoopsa, imalira kuti tswiii, ndipo ndikayatsa laputopu pamabwera uthenga woti siikuidziwa tchajayo. Kunsi kwa laputopu kwalembedwa 19.5V 4.62A, patchaja 19.5V 2.31A. Ndalama ya ina ndilibe mpaka mwezi uthe.
Wophunzira, Zomba

YANKHO: Chemwali, mwachita bwino kukopera manambalawo, chifukwa theka la yankho lili momwemo. Mavolti mukawachulukitsa ndi maampu mumapeza mawati. 19.5 kuchulukitsa ndi 4.62 ndi mawati 90, ndicho chakudya cha laputopu yanu. 19.5 kuchulukitsa ndi 2.31 ndi 45. Mwamanga bulu mmodzi pangolo ya ng'ombe ziwiri, ndiye mukudabwa kuti akupuma wefuwefu.

Lamulo lake ndi lalifupi. Mavolti afanane. Maampu afanane kapena apose. Anthu ambiri amaopa tchaja yaikulu poganiza kuti ikankhira magetsi ochuluka mu laputopu n'kuiotcha. Ayi, laputopu imatunga zokwana iyo, kukula kwa chitsime sikusefukiritsa ndowa. Tchaja ya 90W pa laputopu ya 45W imagwira ntchito mosewera. Yovuta ndi yaing'ono pa laputopu yaikulu. Ikakhala yeniyeni imadzithimitsa yokha katundu akaichulukira, kapena laputopu imachepetsa liwiro kuti zigwirizane. Yafeki imangolimbikira mpaka kupsa.

Koma chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi uthengawo. Suzumirani m'kamutu kolowa mu laputopu, muona kasingano koonda pakati. Pa Dell kasinganoko si ka magetsi otchajira. Ndi pamene tchaja imadzitchulira dzina, kuuza laputopu kuti ine ndine wa mawati akutiakuti. Ikanakhala yeniyeni ya 45W ikanadzitchula, laputopu n'kungodandaula kuti yachepa. Ikamati siikuidziwa, ndiye kuti kasinganoko kathyoka, kapena bowo la laputopu lavulala, kapena tchajayo ndi yafeki. Pa mtengo mwatchulawo, ine ndikubetcha pa feki.

Pashopu panga ndimasunga imodzi yoswedwa pakati, yoonetsa anthu amakani. Kunja ndi yokongola, zilembo zonse zilipo, ndi chidindo cha CE chomwe, chija chosonyeza kuti katundu akutsata malamulo a chitetezo a ku Ulaya, paja inki siidula. M'kati muli kabolodi kofanana ndi bokosi la machesi, kongosambira m'chibokosi chachikulu, ndipo pambali pake anamatapo ndi guluu kachitsulo kosalumikizidwa ku chilichonse. Ntchito yake ndi kulemeretsa basi, kuti mukaipepesa m'manja pamsika mumve ngati ya nzeru. Mu yeniyeni mumakhala mothinana: zitsulo za aluminiyamu zomwaza kutentha, fyuzi, tizipangizo toithimitsa ikatenthetsa. Koposa zonsezi, pabolodi pamakhala mpata woonekeratu, wa mamilimita angapo, wolekanitsa mbali ya mavolti 230 ndi mbali yopita ku laputopu. Mu yanga yoonetsayi mpatawo ndi woonda ngati chikhadabo. Kangobwera kachinyezi ka Zomba ka mu Januwale, magetsi a kukhoma atha kulumpha mpatawo n'kukafika pa laputopu, ndipo pa laputopupo pali zala zanu.

Zoti ndalama mulibe ndamva, koma sindikuuzani kuti muziigwiritsa ntchito mosamala, chifukwa kusamala kwanu sikukulitsa mpata uja. Pezani mnzanu wa Dell ya 90W azikubwerekani maola awiri patsiku mpaka mwezi uthe, ndipo yafekiyo mukayese kubweza. Tsiku logula ina munyamule laputopu, muyesere pomwepo, muyatse muone ngati uthenga uja ubwera, mutenge ndi lisiti. Ine tchaja yeniyeni ya kaunjika, yokalikakalika, ndimaikhulupirira kuposa yatsopano yonyezimira yosadziwika kwawo.

Amene muli ndi malaputopu a masiku ano otchajira pa kabowo ka USB-C, konga ka mafoni atsopano, za mavolti sizikuvutani, chifukwa tchaja ndi laputopu zimayamba zagwirizana zokha, kaya 5, 9, 15 kapena 20V. Kungoti tchaja ya foni ya 20W siingakhutitse laputopu ya 65W, ndipo kupitirira 60W chingwe chakenso chimayenera kukhala cholembedwa 5A kapena 100W.

FUNSO: Bambo, ndili ndi kashopu kotayipa ndi kufotokopa pa Mponela. Kabokosi ka tchaja kalibe vuto, koma pulagi yake ndiye imatentha, ndipo pa ekisitenshoni pada mozungulira bowo limodzi. Pulagiyo ndi ya mano awiri ozungulira, timachita kutosa bowo lapamwamba ndi bolopeni kuti ilowe. Masiku ena m'shopu mumamveka kafungo ngati ka nsomba. Pa ekisitenshoni yomweyo pali fotokope, makina omatira masatifiketi ndi ketulo.
Mayi wabizinesi, Mponela

YANKHO: Mayi, mwa makalata onse a mwezi uno, yanu ndi imene ndikanakonda kuiyankha tsiku lomwe inafika. Kafungo ka nsombako si usipa wa oyandikana nawo. Mapulasitiki ena a masoketi akamapsa pang'onopang'ono amanunkha choncho. Thimitsani kukhoma lero, ekisitenshoniyo muitaye.

Masoketi athu ndi a mtundu wa ku Britain, a mabowo atatu amakona. M'kati muli kachitseko: dzino lalitali lapamwamba likalowa ndi limene limatsegula mabowo awiri apansi, n'cholinga choti mwana asapisemo msomali. Bolopeni yanuyo ikupusitsa mlonda ameneyu. Kenaka mano awiri oonda ozungulira amalowa m'mabowo amene si awo, n'kumangokhudza chitsulo cha m'kati ndi kansonga, akugwedera. Pamene magetsi akudutsa mopanikizika pamatentha, pamathetheka, chitsulo chimada, ndipo chikada chimatentha kuposa dzulo lake. Mano omwewo amapindanso tizitsulo ta m'soketi, moti ngakhale pulagi yabwino imadzayamba kugwedera m'menemo. Pa zaka zonse ndakhala pantchitoyi, zopsa zambiri zimene ndazigwira ndi manja anga zinayambira pa pulagi kapena pa chingwe, kabokosi kamene aliyense amakaloza chala kali kosalakwa.

Mankhwala ake ndi otchipa. Chingwe chochokera kukhoma kufika pakabokosi chimazuka. Gulani china cha pulagi yathu ya mano atatu, yokhala ndi fyuzi ya 3A kapena 5A. Poigula muitembenuze muone: mano awiri apansi akhale ovala pulasitiki theka, koma lapamwamba lisakhale lovala theka ngati anzakewo, ndipo fyuzi ioneke mukatsegula kachivindikiro kake. Zafeki zina fyuzi zilibiretu. Ketulo ichoke pa ekisitenshoni, ikhale ndi soketi yakeyake. Yokhayo imakoka mawati 2,000 kapena kuposerapo, pamene pulagi imodzi ya 13A malire ake ndi pafupifupi 3,000, ndipo maekisitenshoni otchipa a mawaya oonda ngati tsitsi safika n'komwe pamenepo. Magetsi akathima, kapena kukamachita ziphaliwali, zulani makina onse. Akabwera, dikirani mphindi zingapo akhazikike.

Poti takamba za zingwe, pali nkhani yakale koma yotikhudza, popeza malaputopu ambiri kuno amabwera atagwirako kale ntchito kunja. Mu Ogasiti 2014 kampani ya HP inaitanitsa zingwe za kukhoma pafupifupi 6 miliyoni ku United States ndi Canada, zimene zinagulitsidwa pamodzi ndi malaputopu a HP ndi Compaq kuyambira Seputembala 2010 mpaka Juni 2012, chifukwa zina zinkatentha mpaka kusungunuka. Mu Disembala chaka chomwecho a Lenovo anachitanso chimodzimodzi ndi zingwe zoposa 500,000. Zinali zakuda, zodindidwa LS-15 kumutu kolowa m'kabokosi. Amene muli ndi laputopu ya zaka zimenezo, zulani chingwecho muwerenge. Sikuti chilichonse cholembedwa choncho n'choopsa, koma chingwe n'chotchipa kuposa denga.

FUNSO: Bwana, ndili ku Joni, ndikufuna kutumiza laputopu kwa mng'ono wanga ku Mangochi. Anzanga akuti magetsi a kuno ndi a kumudzi ndi osiyana, tchaja ikangofika ikapsa. N'zoona?
Wapaulendo, Johannesburg

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akungokuopsezani. South Africa ndi Malawi magetsi ndi amodzi, mavolti 230. Werengani pakabokosi pamene palembedwa INPUT, mupeza 100-240V, kutanthauza kuti ingagwire ntchito ngakhale ku America kumene magetsi ndi a 120. Chosiyana ndi pulagi. Ya kumeneko ya mano atatu ozungulira akuluakulu siilowa m'masoketi a kuno. Musamugulire timaadaputa tosanjikiza tija, akangogula chingwe cha pulagi yathu. Ndipo tchaja yake yeniyeniyo ipite limodzi ndi laputopu. Musaisunge n'kumati akagula ina komweko, mwaona zawaonekera achemwali a ku Zomba.

FUNSO: Amisiri, chingwe choonda cha tchaja yanga chinang'ambika pamene chimatulukira m'kabokosi. Ndinakulungapo selotepi. Imatchaja ndikachipindira mbali imodzi n'kupsinjapo buku, koma pamalopo pamatentha. M'nyumba muli mwana wokwawa.
Bambo wa mwana mmodzi, Ndirande

YANKHO: Bambo, m'kati mwa chingwecho muli timawaya tambirimbiri toonda topotana. Mukamachikulunga mothinitsa pakabokosi tsiku ndi tsiku, timaduka kamodzikamodzi pomwe pamapindikapo. Magetsi amene amayenera kugawana timawaya tonseto tsopano akukanganirana tiwiri titatu totsala, n'chifukwa chake pakutentha. Bukulo ndi nkhuni mwasanjika pa khala. Mavolti 19 sangakugwedezeni mutakhudza ndi dzanja louma, koma mphamvu ya tchaja yonse ikaunjikana pamalo aang'ono ngati njere ya mpunga, pepala limayaka. Nanga mwana wokwawa, paja chilichonse amayamba walawa.

Chikanadukira pakati kapena kufupi ndi kamutu, mmisiri akanatha kudula, kuotcherera ndi kuveka bwinobwino. Chanu chadukira pakhomo penipeni pa kabokosi, pamafunika kukaswa. Musayerekeze kuswa nokha. M'katimo muli kapasita yosunga mavolti oposa 300, ndipo imatha kukhala nawo ngakhale mutazula kukhoma. Ine inandiluma ndikuphunzira ntchito, sikuludiraiva inagwera uko, ine uku, abwana anga ali kikiki. Komanso kabokosi koswedwa n'kumatidwa ndi guluu sikabwerera mwakale. Gulani ina. Pokulunga yatsopanoyo, siyani chingwe chomasuka kutalika kwa zala zitatu musanayambe kuzunguliza.

FUNSO: Amisiri, ndimagwira ntchito ya zaumoyo kumudzi ku Ntchisi, timadalira sola ndi inveta. Tchaja ikakhala pa inveta imalira ngati njuchi ndipo imatentha, koma ndikapita kuboma pa magetsi a ESCOM imakhala chete. Ndimaifunditsa kansalu konyowa kuti izizizira. Ndikulakwa?
Mlangizi wa zaumoyo, Ntchisi

YANKHO: Azaumoyo, kansalu konyowa n'kabwino pamphumi pa mwana wotentha thupi, osati pa mavolti 230. Madzi amalowera pamsoko wa kabokosi ndi pabowo la chingwe. Ndamvaponso ena amaika tchaja mufiriji, osadziwa kuti ikatuluka imachita thukuta m'kati momwe. Ikhazikeni pasimenti, pamwamba pa mapensulo awiri kuti mphepo izidutsa ndi kunsi komwe. Zimathandiza kuposa mmene zikumvekera.

Kulirako wolakwa ndi inveta, makina aja osandutsa magetsi a batire kukhala onga a kukhoma. Magetsi a kukhoma amakwera ndi kutsika mosalala ngati mafunde a panyanja, ka 50 pa sekondi. Mainveta otchipa, olembedwa modified sine wave, amatulutsa odumphadumpha ngati masitepe, ndipo matchaja ena amawameza modandaula, akulira ndi kutentha. Yolembedwa pure sine wave imathetsa zimenezi, kungoti imadula. Njira ina imene ine ndimaikonda kwa anthu a sola ndi tchaja ya m'galimoto, yotenga mavolti 12 a batire n'kuwakweza kufika pa 19 kapena 20 mwachindunji. Inveta siikhudzidwanso, ndipo batire lanu limakhalitsa usiku chifukwa simukukweza magetsi mpaka 230 kuti muwatsitsenso. Muonetsetse mavolti, maampu ndi kamutu zikugwirizana ndi laputopu yanu.

Poti kwanuko galimoto yozimitsa moto ili kutali: tchaja ikayamba kufuka, choyamba thimitsani inveta kapena swichi yaikulu, musagwire chingwe chopsacho ndi manja. Madzi asayandikire magetsi asanathime, thirani mchenga wouma. Wina akapsa, inu mukudziwa kuposa ine kuti ndi madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndiye muziwakumbutsa kusikelo. Ndowa ya mchenga ikhale pafupi ndi mabatirewo, ndipo muziivindikira, paja amphaka nawo amaifuna.